Musanafomate fulashi, funsani kaye kuti ikasomekedwa pati

Loweruka lina m'mwezi wa Seputembala, anthu atagulitsa fodya ndi soya ndipo maukwati ali pamponda chimera, bambo ena a ku Santhe anafika pa kashopu kanga pano pa boma la Kasungu kudzatenga vidiyo ya ukwati wa mwana wawo wamkazi. Anabwera ndi fulashi yatsopano ya 32GB, kapepala kake anachita kung'ambira pamaso panga. Ndinaisomeka pa kompyuta n'kukoka vidiyo ija kuti ilowe, koma kompyuta inakana. Inalemba kuti "The file is too large for the destination file system." Vidiyoyo inali ya 6GB ndi kanthu, fulashi mulibe ngakhale kanyimbo kamodzi.

"Ndiye kuti andibera, achimwene?" Bambowo anali atadzuka kale pa benchi kuti abwerere komwe anagula.

"Ayi bambo, khalani pansi. Fulashiyi ilibe mlandu, tingoisintha pang'ono."

Ndinaifomata kukhala NTFS, vidiyo inalowa bwinobwino, anandilipira n'kumapita. Lolemba m'mawa ndikubwera kudzatsegula ndinawapeza ali pakhonde, nkhope ili yakugwa. Dzulo lake anaitana abale ndi anansi, mphasa anayala, TV analumikiza ku batire, koma TV ija inangokhala ngati sanasomekepo kanthu. Ya minibasi ndinawabwezera ndine, chifukwa kulakwa kunali kwanga. Ndinaganizira kompyuta yanga, za TV yawo osafunsa. Paja amati safunsa adadya phula, tsiku limenelo phulalo ndinadya ndine.

Amene munaperekapo fodya ku Chinkhoma mukudziwa kuti belo silingoponyedwa m'shedi chiponyeponye. Lili ndi nambala yake, ndipo penapake palembedwa kuti belo lakuti ndi la uje, lili pamzere wakuti. Fulashi nayo ndi shedi, ndipo chimene a makompyuta amachitcha file system ndi kaundula ameneyo, wolembamo kuti fayilo yakuti dzina lake ndi ili, ikuyambira apa, ikuthera apo. Kufomata ndi kutsegula kaundula watsopano. Pomwe pagona nkhani ndi poti kaundulayu alipo wa mitundu ingapo, ndipo chipangizo chilichonse chinaphunzitsidwa kuwerenga mitundu ina, osati yonse. Pa Windows mitundu imene mungasankhe ndi itatu: FAT32, exFAT ndi NTFS.

Choyamba, mafunso awiri

Musanagwire mausi, dzifunseni kuti fulashiyi ikasomekedwa pa zinthu ziti. Zitchuleni zonse. Laputopu yanu, kompyuta ya ku ofesi, wailesi ya m'minibasi, gumbagumba wa pa ukwati, TV ya agogo kumudzi, makina a fotokope a pa sukulu, foni. Pa zonsezo pezani chakale kwambiri kapena chotchipa kwambiri, chifukwa chimenecho ndicho chikulamula. Laputopu yamakono imawerenga mitundu yonse itatu, simungailire. Wokana amakhala kawailesi kaja ka pa dashibodi.

Funso lachiwiri: fayilo yaikulu kwambiri imene mudzaikemo ndi yaikulu bwanji? Sindikunena mafayilo onse mukawaphatikiza, ndikunena fayilo imodzi payokha. Dinani pa fayiloyo ndi batani la kudzanja lamanja la mausi, sankhani Properties, muone pamene palembedwa Size. Nyimbo ya MP3 ya mphindi zisanu nthawi zambiri imakhala pakati pa 5MB ndi 12MB. Makalata, ma CV, mayeso a ana a sukulu, zithunzi za pa foni, zonsezi ndi tinthu tating'ono. Zimene zimadumpha 4GB ndi mavidiyo aatali a ukwati, maliro kapena misonkhano ya mpingo, mafilimu ooneka bwino kwambiri, ndi mafayilo oikira Windows.

Mukayankha mafunso awiriwa, ntchito yaikulu mwathana nayo.

Chachiwiri, onani mmene fulashi ilili panopa

Isomekeni, tsegulani This PC, dinani pa fulashiyo ndi batani lakumanja, Properties. Pamzere wa File system muona mtundu wake. Mafulashi ambiri a 32GB kutsika m'munsi amachoka ku fakitale ali FAT32, ndipo okulirapo ambiri amabwera ali exFAT, ngakhale ena amabwerabe ali FAT32. Ngati mtundu uli pamenepowo ukugwirizana ndi mayankho anu aja, isiyeni. Anthu ena amafomata fulashi sabata iliyonse ngati akutsuka mbale, pomwe palibe chimene akukonza.

Pomwepo muonanso kukula kwake, ndipo musadabwe kuti ya 32GB ikuonetsa cha m'ma 29, ya 64GB cha m'ma 58 kapena 59. Opanga amawerenga 1GB ngati mabayiti 1,000,000,000, pomwe Windows imawerenga 1,073,741,824. Palibe wadula kanthu pamenepo. Akuba alipo, tiwakamba kutsogoloku, koma kuba kwawo si kumeneku.

Chachitatu, adziweni atatuwa

FAT32 ndi nkhalamba. Microsoft inaitulutsa m'chaka cha 1996 ndi mtundu wina wa Windows 95, ndipo ukalamba wakewo ndiwo mphamvu yake. Pafupifupi chilichonse chokhala ndi pobowoka pa USB chimaiwerenga: wailesi za m'galimoto, ma DVD, ma TV akale ndi atsopano, tima sipika ta Bluetooth, makina a fotokope, PlayStation 3, Mac, Linux, mafoni. Chilema chake ndi chimodzi chachikulu. Fayilo imodzi singafike 4GB, malire ake enieni ndi mabayiti 4,294,967,295. Kaya fulashi ndi ya 32GB kaya ya 128GB, fayilo ikadumpha pamenepo khomo latsekedwa. Ndicho chinakanitsa vidiyo ya bambo a ku Santhe ija, fulashi yawo inali FAT32. N'chifukwa chake makamera ojambulira pa memori ya FAT32 amaduladula okha vidiyo yaitali kukhala zigawo. Ojambula maukwati mukudziwa zimenezi, mumapeza mwambo wa kutchalitchi uli m'mafayilo atatu chikhalirecho simunaimitse kamera.

NTFS ndi ya m'nyumba mwa Windows, inayamba mu 1993 ndi Windows NT, ndipo hadi disiki ya kompyuta yanu ya Windows ili mumtundu umenewu. Za 4GB ilibe nazo ntchito. Ilinso ndi khalidwe lina labwino, imalemba kaye m'kabuku kapadera zimene ikufuna kusintha isanasinthe, ndiye magetsi akazima pakati pa ntchito kaundula wake sasokonekera msanga. Dziwani kuti chimene ikutetezacho ndi kaundula, fayilo imene inali pakati pokopedwa itha kuonongeka ndithu. Koma NTFS ikatuluka pakhomo pa Windows imasanduka mlendo. Mac imatha kuwerenga zimene zili mmenemo koma singalembemo popanda pulogalamu yapadera. PlayStation 4 ndi 5 sizisewera nyimbo ndi mavidiyo kuchoka mu NTFS. Wailesi zambiri za m'galimoto siziiona n'komwe. Ma TV ena amaiwerenga, ena ayi, ngati ya ku Santhe ija. Ilinso ndi nkhani ya zilolezo, yoti fayilo iyi mwini wake ndi uje, zimene pa kompyuta ya ku ofesi ndi zothandiza koma pa fulashi yoyendayenda nthawi zina zimakubweretsera uthenga wa "Access is denied" pa fayilo yako yomwe ukaisomeka kwina.

exFAT inabwera mu 2006, ndipo anaipangira dala mafulashi ndi mamemori. Tingati ndi mwana wa FAT32 wopanda chilema cha 4GB chija. Mamemori a SDXC, amene ndi oposa 32GB, amabwera ali exFAT. Windows kuyambira pa Vista SP1 imaiwerenga ndi kuilemba, Mac inayamba mu 2010, ndipo Linux inailandira mokwanira Microsoft itaulula poyera mmene exFAT imagwirira ntchito mu 2019. Mafoni ambiri amakono ndi PlayStation 4 ndi 5 amaidziwa. Osaidziwa ndi zipangizo zakale ndi zina zotchipa, komanso kompyuta za Windows XP zimene sizinaikidwe kachigamba kapadera, ndipo kompyuta zoterezi zikadalipo m'maofesi ndi m'masukulu ena kuno, musaseke. Kufooka kwake kwina ndi koti kabuku kaja ka NTFS ilibe, ndipo pomwe FAT32 imasunga tebulo lake la mafayilo kawiri, exFAT nthawi zambiri imasunga kamodzi. Ukaizula ikulemba, siichedwa kukwiya.

Mitundu ina mudzaimva, APFS ya Apple ndi ext4 ya Linux. Windows payokha siiwerenga. Ngati fulashi yanu idzafika pa shopu yosindikiza makalata pano pa boma, ziiwaleni zimenezo.

Chachinayi, sankhani

Ngati fulashi ndi ya nyimbo, ya m'minibasi, ya pa gumbagumba, ya kwaya, ya ulaliki woti agogo azimvera pa kawailesi ka sola, fomatani FAT32 ndipo musaganizenso kawiri. Ndimalangizanso kuti ya ntchito imeneyi ikhale yaing'ono, 8GB kapena 16GB. Fulashi ya 8GB imanyamula nyimbo zoposa 600, zokwanira kupita ku Mzuzu ndi kubwerera kangapo osabwereza. Wailesi zina zimalephera fulashi zikuluzikulu, zina zili ndi malire a chiwerengero cha mafoda ndi mafayilo, ndipo zina zimatenga nthawi yaitali kuwerenga galimoto ikangoliza.

Ya makalata yokasindikizira pa makina a fotokope kapena pulinta yosomeka fulashi mwachindunji, FAT32. Yokonzera BIOS, kapulogalamu koyamba kugwira ntchito kompyuta ikamayaka, kapena kuikira pulogalamu yatsopano mu TV, FAT32, ndipo tsatirani zimene opanga chipangizocho alemba.

Ngati mumanyamula mavidiyo akuluakulu pakati pa makompyuta, makamaka wina ali ndi Mac wina Windows, kapena mukufuna kuchotsa mavidiyo mu foni kudzera pa kachingwe ka OTG kolumikizira fulashi ku foni, tengani exFAT. Kwa anthu ambiri okhala ndi fulashi ya 64GB kupita m'mwamba imene imangoyenda pakati pa laputopu ndi foni, yankho ndi limeneli.

NTFS ndimaisiyira fulashi kapena hadi disiki yakunja imene moyo wake wonse idzakhala pa makompyuta a Windows okhaokha, monga yosungirapo ntchito za pa shopu. Ndimaigwiritsanso pa TV imene ndayesa ndekha n'kuona kuti imawerenga NTFS koma exFAT imakana, pakuti ma TV otero alipo ambiri ndithu, makamaka a zaka zapakatikati.

Povuta ndi pamene mayankho awiri aja akutsutsana, fayilo yaposa 4GB koma TV imadziwa FAT32 yokha. Apa fulashi musalimbane nayo, limbanani ndi fayilo. Bambo a ku Santhe aja ndinawakhazika pa benchi n'kuwagulira mandasi, ine n'kudula vidiyo ija pawiri mu pulogalamu yokonzera mavidiyo. Gawo loyamba linathera pamene akwati akutuluka m'tchalitchi, lachiwiri linayambira pa perekaniperekani, lililonse la 3GB ndi kanthu. Fulashi ndinaibwezera ku FAT32. Njira ina ndi kuchepetsa vidiyoyo ndi pulogalamu yaulere ya HandBrake, kuisandutsa MP4 yocheperapo. Pa TV ya mainchesi 32 palibe adzaone kusiyana, koma imatenga nthawi, pa laputopu yofooka mutha kuphika nsima n'kudya isanathe.

Ndikambeko pang'ono za fulashi yoikira Windows, poti anyamata okonza makompyuta amandifunsa kawirikawiri. Pamenepa musasankhe nokha. Pulogalamu ya Microsoft ya Media Creation Tool imafuna fulashi yosachepera 8GB, imafufuta zonse ndi kuifomata yokha FAT32, chifukwa makompyuta amakono, otchedwa a UEFI, mtundu umene onse amaudziwa poyaka ndi umenewo. Rufus, pulogalamu ina yofomatira fulashi, nayo imadziwa chochita fayilo ya mkati ikaposa 4GB. Chodabwitsa anthu ndi choti fulashi ya 64GB ikadutsa mu Media Creation Tool imaoneka ngati ya 32GB. Sinaonongeke, malo otsalawo angosiyidwa osagawidwa, ndipo Rufus imawabweza mukaifomatanso.

Chachisanu, samutsani katundu

Kufomata kumafufuta zonse. Ndikudziwa kuti mukudziwa, komabe mwezi sutha osabwera munthu akulira kuti satifiketi yake yosikana inali momwemo. Pangani foda pa kompyuta, koperani zonse, kenako tsegulani mafayilo angapo kuchokera mu foda yatsopanoyo kuti muone kuti akutsegukadi.

Chenjerani ndi kachilombo kaja kofala m'mashopu oikira nyimbo, kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Mukaona mafoda anu ali ndi kamuvi pakona, kapena fulashi ikuoneka yopanda kanthu pomwe Properties ikuti yadzaza, musathamangire kufomata. Mafayilo anu alimo, angobisidwa. Iunikeni kaye ndi antivayirasi, kenako tsegulani Command Prompt, kawindo kakuda ka Windows kolembamo malamulo, n'kulemba attrib -h -r -s /s /d E:\*.* koma pamalo pa E muike chilembo cha fulashi yanu. Mafoda enieni aonekera. Koperani amenewo okha, ma shortcut ndi timafayilo tachilendo musatenge, ndiye mufomate.

Pali njira imodzi yosinthira osafufuta, kuchoka ku FAT32 kupita ku NTFS, polemba convert E: /fs:ntfs mu Command Prompt. Ndi ulendo wopita kokha, kubwerera ku FAT32 kumafuna kufomata. Ngakhale pamenepa ine ndimakopera kaye, chifukwa magetsi akuno sapangana ndi munthu.

Chachisanu ndi chimodzi, fomatani

Zulani mafulashi ena onse ndi hadi disiki yakunja, patsale imene mukufuna kufomata yokha. Ndinaonapo mnyamata akufomata hadi disiki yodzaza mafilimu a malo ake oonetsera kanema chifukwa chosokoneza E ndi F. Anakhala pansi osayankhula kwa nthawi yaitali.

Pa Windows, tsegulani This PC, dinani pa fulashi ndi batani lakumanja, sankhani Format. Pa kabokosi kotulukako yambani mwaona Capacity, ngati ikugwirizana ndi kukula kwa fulashi yanu. Pa File system sankhani mtundu uja mwatsimikiza.

Pamunsi pake pali Allocation unit size, pamene anthu ambiri amaima n'kuyamba kukanda mutu. Taganizani za matumba. Fulashi imagawidwa m'timatumba tofanana kukula, ndipo fayilo iliyonse, ngakhale ichepe bwanji, imatenga thumba lathunthu. Mtedza wodzaza chikhatho ukauika m'thumba la makilogalamu 50, thumbalo latha, wina sangathiremo soya. Matumba aakulu amayenera mavidiyo akuluakulu, aang'ono amayenera timakalata tambirimbiri. Koma kunena zoona, pa fulashi ya ntchito za tsiku ndi tsiku kusiyanako simudzakuona. Siyani pa Default allocation size.

Pa Volume label lembani dzina. Pa FAT32 lisapose zilembo 11. Ine ndimalemba dzina lonena ntchito yake, NYIMBO, MAKALATA, UKWATI, kuti ikasomekedwa pakati pa zinzake izidziwika.

Kenako pali kabokosi ka Quick Format. Kakakhala kochongedwa, kompyuta imangong'amba kaundula wakale n'kutsegula watsopano, mabelo aja akadali m'shedi mpaka katundu wina adzawapondereze. Zimatha m'masekondi ochepa, ndipo pa fulashi yanu yomwe ndi zokwanira. Koma ngati mukuipereka kwa munthu wina kapena kuigulitsa, ndipo munali zithunzi za chiphaso cha unzika, mapepala a ku banki kapena zina zanu zachinsinsi, chotsani chongacho. Kuyambira pa Windows Vista, kufomata kwathunthu kumalemba maziro pa fulashi yonse. Kumachedwa, pa fulashi yaikulu yoyenda pang'onopang'ono kutha kudya ola kapena kuposa, choncho laputopu ikhale ndi moto wokwanira.

Dinani Start, werengani chenjezo, onaninso chilembo kachiwiri, OK.

Ngati fulashi ndi yoposa 32GB, pa kabokosi kameneka FAT32 simuipeza, muona exFAT ndi NTFS zokha. Malire amenewa ndi a kabokosi ka Windows, si a FAT32, imene imatha kufika 2TB. Ndiye dalaivala amene wagula kale ya 64GB ndipo wailesi yake ikuikana asataye mtima. Tsitsani Rufus pa rufus.ie, ndi yaulere ndipo ndi yaing'ono, siikuthera bandulo. Pa Device sankhani fulashi yanu, pa Boot selection sankhani Non bootable, pa Partition scheme ikani MBR, pa File system sankhani Large FAT32, kenako Start. MBR imeneyo musaidumphe. Ndi kagawidwe kakale ka disiki, ndipo wailesi ndi ma TV ambiri akale kagawidwe katsopano ka GPT sakadziwa. Fulashi itha kukhala FAT32 yabwinobwino koma wailesi n'kumaikanabe chifukwa cha GPT, ndipo munthu ungazungulire mutu tsiku lonse osadziwa chavuta.

Pa Mac tsegulani Disk Utility, pa View sankhani Show All Devices, dinani dzina la fulashi lapamwamba osati lam'munsi mwake, kenako Erase. Kumeneko FAT32 amailemba kuti MS-DOS (FAT), ndipo exFAT ili ndi dzina lake lomwelo. Pa Scheme sankhani Master Boot Record.

Pa foni ya Android mutha kufomata fulashi ya pa OTG kudzera mu Settings ndi Storage, koma mafoni ambiri sakufunsani mtundu, amasankha okha. Zikavuta ndi njira yothandiza, koma mukapeza kompyuta onani chimene foniyo yasankha.

Chachisanu ndi chiwiri, yesani musanadzaze

Ili ndi sitepe limene ndinalidumpha pa nkhani ya ku Santhe. Ikani fayilo imodzi kapena ziwiri, pitani nayo pa chipangizo chenichenicho, muone ngati ikusewera. Madalaivala a pa depoti ndimawauza kuti, "Akulu, tengani kaye nyimbo zitatuzi mukayese m'galimoto, zikalira mubwere tidzaze." Ngati chipangizocho chili kutali, funsani dzina ndi nambala ya TV, kapena mwini wake ajambule kabuku kake atumize pa WhatsApp. Pa tsamba lokamba za USB amalemba mitundu imene imawerenga. Mukasowa poyambira, FAT32 ndi mafayilo osafika 4GB ndiyo njira yosaphonya kawirikawiri.

Muzisiyanitsanso matenda awiri ofanana zizindikiro. TV ikapanda kuiona fulashi n'komwe, kapena ikalemba kuti chipangizo sichikudziwika, vuto ndi file system kapena GPT ija. Koma ikaonetsa maina a mafayilo n'kukana kusewera imodzi, kapena chithunzi chikuoneka mawu osamveka, fulashi ili bwino, vuto ndi mtundu wa vidiyoyo. Kufomata kakhumi sikungathandize. Isandutseni MP4 ya H.264, imene ma TV ambiri amaidziwa.

Kanthu kena ka a kwaya ndi a zisudzo: tiwailesi tambiri timasewera nyimbo motsata mmene zinalowera mu fulashi, osati motsata maina. Ngati mukufuna nyimbo yolowera akwati ikhale yoyamba, fomatani fulashi n'kuikopera yokha poyamba, zinazo zizibwera pambuyo mwa ndondomeko yake.

Tsopano za akuba ndinalonjeza zija. Pali mafulashi olembedwa 128GB, 512GB, ngakhale 2TB, ogulitsidwa pamtengo wa fulashi ya 8GB. Mkati mwake muli kamemori kakang'ono kamene anakaphunzitsa kunama. Windows imaonetsa kukula kwabodzako, mafayilo amaoneka ngati akulowa, maina ake mumawaona, koma mukadutsa kukula kwake kwenikweni zatsopano zimangotayika kapena kupondereza zakale. Tsiku lotsegula mumapeza mavidiyo osaseweka ndi mafoda a maina osawerengeka. Palibe mtundu wa kufomata umene ungachize zimenezi, FAT32, exFAT, NTFS, zonse chimodzimodzi. Fulashi yatsopano iyeseni ikadali yopanda kanthu ndi pulogalamu yaulere ya H2testw, imene imaidzaza yonse kenako n'kuwerenganso kuti ione ngati zimene inalemba zilimodi. Imachedwa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikapeza zolakwika, bwererani nayo komwe mwagula lisiti likadali m'thumba.

Pomaliza ntchito, kazulidwe

Kabokosi kokopera kakatseka, dinani kachizindikiro ka USB pakona ya kumunsi kumanja, sankhani Eject, dikirani uthenga woti mutha kuchotsa. Windows 10 ndi 11 masiku ano zimaika mafulashi pa Quick removal, kutanthauza kuti ngati palibe chikulembedwa mutha kungozula. Koma ine ndimadinabe Eject, makamaka pa exFAT ndi FAT32, chifukwa sudziwa kuti ndi pulogalamu iti ikadagwira fayilo mwakachetechete. Pa Mac ndi pa foni musazule osadina. Ndipo ngati muli pa kompyuta ya pa desiki yopanda batire, mitambo yachita bii kunjaku, vidiyo yaikulu idikire kaye.

Tsiku lina mudzasomeka fulashi ndipo Windows idzati "You need to format the disk in drive E: before you can use it." Chala chimathamangira pa Format disk. Chibwezeni, dinani Cancel. Uthengawu umatuluka pa zifukwa ziwiri. China ndi choti fulashi inafomatidwa pa Mac, pa Linux kapena ndi TV yojambula mapulogalamu, mumtundu umene Windows siiudziwa, ndipo mukaibwezera komwe inachokera zonse zilimo. China ndi choti kaundula wasokonekera, ndipo mu Disk Management, pamene Windows imaonetsera madisiki onse, muona palembedwa RAW. Pamenepo yesani kaye pobowoka pena ndi kompyuta ina. Zikakanika, musalembemo kanthu kalikonse, gwiritsani pulogalamu yopulumutsira mafayilo monga PhotoRec, imene ndi yaulere, ndipo zimene yapeza muzisungire pa kompyuta, osati mu fulashi momwemo. Kufomata kubwere zinthu zanu zitatuluka. Fulashi imene yachita zimenezi kawiri popanda chifukwa chooneka ndimaichotsa pa ntchito, ndimangoisiyira nyimbo zimene ndili nazo kale kwina.

Pa khoma la shopu yanga, pamwamba pa pulinta, pali misomali itatu. Pa woyamba pali fulashi ya 8GB yomangidwa kansalu kofiira, FAT32, muli nyimbo zitatu ndi kavidiyo ka mphindi imodzi, yongoyesera wailesi ndi ma TV a makasitomala. Pa wachiwiri pali ya 64GB ya exFAT yotengera mavidiyo kwa anzanga ojambula. Pa wachitatu pali ya NTFS imene siituluka pakhomo. Yofiira ija pano ili ku Chamama, inapita ndi aphunzitsi ena Lachinayi kuti akayese TV ya pa sukulu pawo, akuti abwera nayo pa malipiro.